Chifuwa cha Utuchi

M'mawa wa tsiku la diripi, Akalipentala anaima pakati pa bwalo, chopukutira chili paphewa, n'kuyamba kuyang'ana mulu wa matabwa ngati pasowa kanthu. Akazi awo anali pakhomo la khitchini akutsuka makapu a tiyi, ndipo ankadziwa kuti palibe chasowa. Bambowo ankangofuna chifukwa choimira. Kuchoka kubafa kukafika m'nyumba ndi mtunda woti nkhuku imadutsa isanaganize n'komwe, koma iwo mpweya unali utawathera kale.

"Afolomani," anatero osatembenuka, "matabwawa ayamba kupindika. Dzuwa likuwapweteka."

"Matabwa ali bwinobwino. Khalani pansi."

"Ndikhale pansi ngati ndatani?"

Dzina loti Afolomani linayamba kalekale, nthawi imene mayiwo anazolowera kulowa mu shedi n'kumagwedeza mipando yomalizidwa kuti aone ngati miyendo yake yafanana. Linayamba ngati nthabwala, koma linakakamira, moti makasitomala ndi ana a nyumba zoyandikana ankawaitana choncho.

Atalowa kuchipinda, Akalipentala anakhala pabedi n'kukweza mkono wamanja, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Ankati zala zawo zinauma kalekale ndi matabwa, sizingasiyanitse nyemba ndi mwala, choncho ntchito yofufuza chotupa cha m'khwapa inali ya akazi awo. Afolomani anatikita manja kuti atenthe, n'kupisa zala pang'onopang'ono.

"Chafika pati?"

"Nyemba. Nyemba yake youma."

"Mwamva? Chinali dzira la bakha chimenechi."

Anafuna kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa. Anatsokomola atawerama, dzanja lili pabondo, chifuwa chouma chopanda makhololo, ndipo pamene chinatha anakhala akupuma ndi pakamwa ngati munthu amene watula katundu wolemera.

Matenda awo anayambira pa chikhadabo. Chala chachikulu cha dzanja lamanja chinachita mzere wakuda, ndipo pakhomo pa kalipentala chikhadabo chakuda si nkhani. Ndi hamala basi. Afolomani nawonso anaseka nawo nthawi imeneyo, amvekere, "Mukamayang'ana akazi odutsa pamsewu, hamala imakukumbutsani kwanu." Mvula inabwera n'kupita. Chikhadabo cha hamala chikanagwa n'kumera china, koma ichi chinangopitirira kuda mpaka kuyamba kuchucha magazi. Pamene anapita kuchipatala anauzidwa kuti ndi khansa ya pakhungu. Chalacho anachidula, koma mbewu yake inali itafika kale m'khwapa.

Kenako kunabwera mankhwala a diripi. Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, anawakhazika pansi tsiku loyamba n'kuwauza kuti mankhwalawo sapha khansa paokha. Anati thupi lili ndi alonda ake, maselo a chitetezo, ndipo pa mlonda aliyense pali mapuloteni ena amene ali ngati chingwe. Chingwecho ndi chimene chimamuuza kuti ima, uyu ndi wakwathu. Popanda icho mlonda akhoza kuvulaza mwini nyumba. Koma khansa ndi yochenjera, imagwira chingwecho n'kuchikoka, alonda n'kungoyang'ana. Ntchito ya diripi ndi kumasula chingwe.

"Ndiye kuti mukumasula agalu," anatero Akalipentala tsiku limenelo.

"Tinene choncho. Koma galu womasulidwa nthawi zina amaluma a m'nyumba momwe. Mukatsegula m'mimba, mukatuluka zidzolo, mukayamba kutsokomola kapena kubanika, mudzatiuze msanga."

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munali nkhani ya agalu. Chotupa chikachepa, Akalipentala ankasisita pamimba n'kunena kuti agalu awo adya bwino sabata ino. Mphamvu zinabwerera, anatsegulanso shedi, n'kuyamba kugwira chopalira matabwa ndi zala zinayi. Chifuwachi chinayamba itapita diripi yomaliza. Tsopano chopaliracho chinali chigonere pa benchi yogwirira ntchito, pamwamba pa chitseko chopalidwa theka.

Afolomani anawapatsa malaya. Bambowo anamanga mabatani pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Kuchipatala kuja akafunsa, ndiyankha ine."

"Nanga akafunsa ine?"

"Inu mukudwala?"

"Bambo, paja anati tiziwauza."

"Anati tiziwauza za matenda. Ichi ndi chifuwa cha utuchi. Ndakhala nacho musanandidziwe n'komwe."

"Utuchi wake uti? Mu shedi simunapondemo sabata yonseyi."

"Utuchi sutuluka tsiku lomwelo. Afolomani, agalu anga atsala pang'ono kumaliza nyama. Mukufuna awamangenso? Mwaiwala bambo wa chipewa uja?"

Afolomani sanaiwale. Bambo wa chipewa anali mnzawo wa pa benchi yodikirira kuchipatala, munthu wa nthabwala amene sankavula chipewa ngakhale pomubaya. Tsiku lina anaulula kuti akutsegula m'mimba, ndipo anamuimitsa mankhwala. Sanaonekenso pa benchi. Patapita nthawi kunamveka kuti anatsikira kulichete.

"Mundilonjeze," anatero Akalipentala.

Mayiwo anayang'ana khwapa lija, m'mene zala zawo zinali zitangochokamo. Iwo ndi amene ankadziwa mmene chotupacho chinalili pachiyambi, cholimba, chosasuntha, chowaletsa amuna awo kutsitsa mkono. Iwo ndi amene anachimva chikufota sabata ndi sabata.

"Chabwino," anatero.

Basi inkaima kuseri kwa kamtunda, kumapeto kwa msewu wawo. Tsiku limenelo Akalipentala anapatsa moni aliyense. Anaima pa telala n'kufunsa za makina ake, anaima pa wokonza njinga n'kufunsa za ana, anaimanso pa wowotcherera zitsulo amene sankagwirizana naye kwenikweni, dzanja atagwira geti lomwe munthuyo ankapanga, n'kuliyamikira kuti ndi lolimba. Wowotchererayo anakweza magalasi ake akuda n'kuyang'ana Afolomani modabwa. Mayiwo anangoyang'ana kumbali, chikwama chili pachifuwa.

Kuchipatala, chipinda cha diripi chinali pamwamba. Masiku onse Akalipentala ankakwera masitepe, n'kumati chikepe ndi cha nkhalamba ndi aulesi. Lero anaima pakhomo la chikepe n'kudina batani ngati ndi chizolowezi chawo.

Pa benchi yodikirira anapeza anthu atafika kale. Pakona, pamalo awo a nthawi zonse, panali mayi wonenepa wogulitsa nsapato amene aliyense ankawatcha Amkhalakale, chifukwa ndi amene anayamba mankhwalawa onsewo asanabwere. Anasendeza chikwama kuti awiriwo akhale, ndipo asanamalize moni Akalipentala anatsokomola.

Amkhalakale anayang'ana kukhomo la anamwino, kenako anatsitsa mawu.

"Achimwene, chimenecho muchisiye pano pa benchi. M'katimo musalowe nacho."

"Ndi utuchi, achemwali."

"Kaya ndi utuchi, kaya ndi ufa, iwo sasankha. Akangomva khoo, cholembera chili m'manja, mwaimitsidwa." Anapisa m'chikwama n'kutulutsa switi ya chifuwa. "Ikani kutsaya. Musalankhule kwambiri. Khalani phee mtima utsike. Zalazo muzitikita zitenthe, kachipangizo kawo kaja kamadana ndi chala chozizira. Akamalemba zawozo, inu muzikoka mpweya mwakachetechete."

Mnyamata wamtali amene anakhala mbali inayo anaseka. "Amkhalakale, inu ndiye mukanangovala yunifomu."

"Iwe khala chete, ndinakuphunzitsa ndine. Pano timathandizana. Amene amalankhulalankhula ali kuti lero?"

Aliyense ankadziwa malo amene bambo wa chipewa ankakhala. Afolomani anaona kuti Amkhalakale avala malaya a manja aatali ngakhale kunkatentha, ndipo nthawi ndi nthawi ankakanda mkono pamwamba pa nsaluyo, mwamsangamsanga, ngati sakudziwa kuti akukanda.

Afolomani anatenga dzanja la amuna awo n'kuyamba kulitikita okha. Anatikita chala chimodzichimodzi, monga mmene Amkhalakale ananenera.

Anamwino anali mtsikana wamaso akuthwa amene ankakonda kuseka ndi odwala ake.

"Akalipentala, mpando wanga uja uli pati? Ndatopa ndi wogwederawu."

"Unatha. Afolomani sanauvomereze."

"Mayi, mwandilakwira." Anawakweza pa sikelo, anawatenga magazi, kenako anawapana kachipangizo pachala n'kuyang'ana manambala. "Lero mpweya watsikako pang'ono."

"Zala zazizira, anamwino. M'basi munali mphepo."

Anamwino anawerama kulemba. Afolomani anaona chifuwa cha amuna awo chikukwera mwakachetechete, n'kutsika, n'kukweranso. Manambala anasuntha pang'ono.

"Eya, abwerera. M'mimba muli bwino?"

"Muli bwino."

"Zidzolo? Kuyabwa?"

"Ayi."

"Kutsokomola? Kubanika mukamayenda?"

"Ine? Ndikhoza kukunyamulani ndi mpando wanu womwewo."

Anamwino anaseka, koma maso awo anapita kwa Afolomani. "Mayi, kunyumba ali bwanji bambowa? Amuna sanena zoona, timadalira inu."

Afolomani anamva bondo la amuna awo likukhudza lawo.

"Akudya bwino," anatero.

Zinali zoona. Anamwino anagwedeza mutu n'kulemba.

Zotsatira za magazi zinabwera dzuwa litakwera, ndipo zinali bwino. Anawaitana kuti alowe. Chipinda cha diripi chinali ndi mipando ikuluikulu yotsamira, uliwonse ndi chitsulo chake chopachikapo mankhwala, ndipo pazenera panali katani yobiriwira imene mphepo inkaikankha. Mpando wa Akalipentala unali wakumapeto. Anayenda mowongoka, akumwetulira anzawo, koma atafika anadzigwetsa pampandopo, n'kutembenukira kuzenera kuti anthu asaone pakamwa.

Anamwino anabaya singano padzanja lamanzere n'kumata pulasitala. "Ndikatenge agalu anu," anatero, chifukwa nawonso nthabwalayo ankaidziwa.

Afolomani anakhala pa kampando kapambali n'kugwira dzanja lamanja, la zala zinayi lija. Linali lozizira ngakhale analitikita m'mawa wonse. Analitembenuza. Zikhadabo zinali zitasintha mtundu, zatuwa modera ngati phulusa lonyowa. Anakweza maso. Mphuno za amuna awo zinkatukuka pokoka mpweya, ndipo kadzenje ka pakhosi kankalowa m'kati n'kutuluka, kulowa n'kutuluka. Bambowa sanakwere phiri. Anangochoka pa benchi.

Anayang'ananso dzanjalo, pamalo pamene panali chala chachikulu. Khungu linapola bwino, losalala, lopindikira m'kati ngati pakamwa pa thumba. Ndi hamala basi. Mawu amenewo anawanena iwo eni, akuseka, mbale ili m'manja, ndipo anawanenanso mwezi wotsatira, ndi winanso. Pakhomo pawo chilichonse chinali ndi dzina lake la ku shedi. Msana unali wa matabwa, maso ofiira anali a vanishi, chifuwa chinali cha utuchi.

Anamwino anabwera ndi kathumba ka mankhwala, koyera ngati madzi akumwa. Anawerenga dzina, anakapachika pachitsulo, anatsitsa kapaipi n'kukagwedeza kuti mpweya utuluke. Akalipentala anatambasula dzanja lamanzere, maso ali pa kathumbako ngati mwana woona mayi ake akuchokera kumsika. Afolomani anaganiza za nyemba ija. Akatsegula pakamwa, mwina nyembayo ibwerera kukhala dzira, ndipo adzaimva ikukula ndi zala zawo zomwe, m'mawa uliwonse.

Anamwino anagwira kumapeto kwa kapaipi n'kuwerama kuti alumikize.

"Anamwino, tadikirani."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma anamveka. Dzanja la zala zinayi linawafinya.

"Bambowa akutsokomola. Chiyambire diripi yapita ija."

"Afolomani."

"Sangachoke kubafa kufika m'nyumba osapumira. Amagona chokhala, atatsamira khoma. Switi ili kutsayako ndi yobisira chifuwa."

Mayi wina wa pampando woyandikana anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Ndi utuchi, anamwino," anatero Akalipentala, akuyesa kuseka. "Mayiwa ndi amantha. Lumikizani."

"Ndine wamantha, inde," anatero Afolomani, osawayang'ana. "Taonani zikhadabozi."

Anamwino sanakalipe. Anakoloweka kapaipi pachitsulo, anatenga dzanjalo n'kuliyang'ana, kenako anatulutsa kachipangizo kaja m'thumba la yunifomu n'kuwapana pachala.

"Tiyeni tiyende pang'ono, bambo. Tikafike pazenera la kumapeto kwa khonde."

"Pamenepo pokha?"

"Pamenepo pokha."

Akalipentala anadzuka okha, anakana dzanja la akazi awo. Anatuluka m'chipindamo atatukula chifuwa, anamwino ali pambali akuyang'ana manambala, Afolomani akutsatira m'mbuyo. Anadutsa benchi. Bambowo anayenda bwino mpaka kupitirira khomo la anamwino, kenako mapazi anayamba kukwekwesa pansi. Kachipangizo kanayamba kulira, kamawu kakang'ono kosalekeza. Zenera linali likadali patali.

Anaima pa chitseko china n'kugwira felemu yake.

"Chitseko ichi," anatero, mawu akuduka, "anachikhoma... mopendama. Amene anapanga..."

Mawondo anapinda. Afolomani anawagwira m'chiuno, anamwino anawagwira mkono, ndipo onse atatu anatsetsereka mpaka pansi. Anamwino anaitana mnzawo kuti abwere ndi njinga ya odwala ndi silinda ya mpweya. Switi ija inagwa m'kamwa n'kugubuduka pa simenti.

Pamene ankawakankha kudutsanso pa benchi, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno, Amkhalakale anakoka Afolomani chikwama.

"Mayi, mwatani? Mwawalanda mankhwala amuna anu ndi pakamwa panu."

Afolomani anaima pang'ono. "Inunso muwaonetse mkonowo," anatero motsitsa, n'kuthamangira njinga ija.

Masana, atawajambula m'chifuwa, adokotala anabwera kuwodi kumene anawagoneka. Anakoka katani kuzungulira bedi n'kuwaonetsa chithunzi pa kompyuta yam'manja. Mapapo onse awiri anali ndi mabala oyererako, ngati galasi limene munthu walipumira.

"Apa pakanayenera kukhala pakuda, poyera mpweya," anatero adokotala. "Patupa. Tiyeza makhololo ndi magazi kuti titsimikize kuti si TB kapena chibayo, koma mmene zikuonekeramu, ndi chitetezo chanu chomwe."

"Si utuchi?" Mawu a Akalipentala anali otsika.

"Utuchi uli ndi eni ake. M'mapapo muli maselo ena akuluakulu, ntchito yawo ndi kumeza fumbi ndi tizilombo. Zaka zonsezi akhala akukusesererani ndi iwowo. Kukakhala bata amasesa, n'kumatonthoza anzawo kuti kulibe nkhondo. Koma nawonso amamvera zingwe zomwe zija. Zingwe zikamasuka, nkhondo n'kubuka m'mapapo, amataya tsache n'kuyamba kukuwa, kuitana alonda ena. Akadzadza m'timatumba topumira, mpweya umasowa polowera."

"Ndiye agalu aluma a m'nyumba," anatero Afolomani.

"Aluma. Tiyamba lero lomwe mankhwala oziziritsa chitetezo, kuti kutupaku kutsike."

"Muwamanganso," anatero Akalipentala.

"Tiwamanga."

"Diripi yanga?"

"Lero ayi."

"Liti?"

Adokotala anatseka kompyuta ija. "Sindikunamizani, bambo. Mmene zafikiramu, n'kutheka kuti sitidzaibwezeranso. Alipo amene tinawaimitsa, chotupa osakulanso, chifukwa alonda anali ataidziwa kale nyama yawo. Aliponso amene chinakula, ndipo tinafuna njira ina. Inu sindingakulonjezeni mbali imene mudzakhale. Chimene ndikudziwa n'chakuti mapapo awa sakanapirira diripi ina."

"Bambo wa chipewa munamuimitsa. Ali kuti?"

"Za wodwala wina sindinganene. Ine ndikuyang'ana inuyo."

Adokotala atatuluka, Afolomani anathira madzi m'kapu n'kuwapatsa amuna awo. Bambowo sanalandire. Anayang'ana kudenga, mpweya ukulira pang'onopang'ono m'timapaipi.

"Munalonjeza, mayi."

Mawu oti mayi anawalasa kuposa china chilichonse. Pa zaka zonse za banja lawo, ngakhale pa mkangano wa mtundu wanji, dzina linali Afolomani.

"Ndinalonjeza."

"Chikayamba kukula, mudzadziwe kuti mwachitsegulira khomo ndinu."

"Ndamva."

Anaika kapuyo pa kabati yapambali. Kabatiyo inagwedera, madzi n'kutayikira pang'ono.

M'mawa mwake Afolomani anafika ndi beseni ndi chopukutira. Anawapukuta kumaso, m'khosi, kumsana. Atafika kumkono wamanja anatikita manja kuti atenthe, monga mwa nthawi zonse, n'kudikira. Akalipentala anapanikiza mkonowo kunthiti n'kutseka maso. Mayiwo anadikirabe pang'ono, kenako anafinya chopukutira n'kukataya madzi.

Zinakhala choncho masiku otsatira. Zoyeza zinabwera, sanapeze TB kapena chibayo. Mankhwala atsopano anawapatsa njala ya fisi ndi mkwiyo wa mavu. Ankadya zonse zimene akazi awo abweretsa, n'kubweza mbale osanena kanthu. Ankacheza ndi bambo wa bedi loyandikana za mitengo yabwino ya matabwa, ankaseka ndi anamwino, koma kwa Afolomani kunali "inde, mayi" ndi "ayi, mayi." Mayiwo ankakhala pa kampando, manja pamiyendo, akumvetsera kupuma. Tsiku lililonse kadzenje ka pakhosi kankalowa pang'ono kuposa dzulo lake. Zimenezo ankaziona. Chimene sankachiona chinali m'khwapa, ndipo pobwerera kunyumba m'basi ankapeza zala zawo zikufinya ngodya ya chikwama, zikuyeza.

Kenako timapaipi anatichotsa. Anamwino a maso akuthwa aja anatsika kudzawaona pa nthawi yawo yopuma, anawapana kachipangizo pachala, n'kuyenda nawo mpaka kumapeto kwa wodi ndi kubwerera. Kachipangizo sikanalire. Akalipentala sanaime pa chitseko chilichonse.

M'mawa wotsatira Afolomani anapeza amuna awo atakhala m'mphepete mwa bedi, atavula kale malaya, akupinda kachikatoni. Bambowo anawerama n'kukalowetsa pansi pa mwendo wa kabati ija, n'kuigwedeza. Inaima nji.

"Tayesani," anatero osawayang'ana.

Afolomani anaika beseni pansi n'kugwedeza kabatiyo ndi manja awiri, mbali iyi ndi mbali iyo, monga ankachitira mu shedi.

"Yakhala."

Anawapukuta kumaso, m'khosi, kumsana. Atafika kumkono wamanja sanatikite manja. Anangoviika chopukutira kuti amalize. Koma mkonowo unanyamuka wokha, pang'onopang'ono, mpaka dzanja la zala zinayi linakagwira kumbuyo kwa mutu.

"Ndayesa ndekha," anatero Akalipentala, maso ali kukhoma. "Zala zangazi ndi matabwa. Sindikumva kanthu."

Afolomani anapukuta manja pa siketi, anawatikita, anawauzira mpweya. Anapisa zala m'khwapamo n'kufufuza, kutsogolo, kumbuyo, m'kati. Anachipeza pamalo ake. Anachigubuduza pakati pa zala ziwiri, n'kuchigubuduzanso kuti atsimikize.

"Nyemba."

"Musandinamize."

"Ine kunama? Chipatala chonse chikudziwa kuti pakamwa panga sipasunga kanthu."

Phewa la bambowo linagwedezeka pang'ono. Kunali kuseka, ndipo sikunasanduke chifuwa.

"Ikadzayamba kukula," anatero patapita kanthawi, "mudzanene tsiku lomwelo. Kwa ine, ndi kwa adokotala."

"Ndidzanena."

"Ngakhale nditakuletsani."

"Makamaka mukadzandiletsa."

Akalipentala anatsitsa mkono, dzanja la akazi awo likadali m'khwapamo, n'kulipanikiza kunthiti.

"Manja anu azizira, Afolomani," anatero. "Asiyeni momwemo atenthe."